Amamwa, Amatisautsa, Amantha: Chilatini cha ku Malambo

Amalume anga anakhala zaka zinayi kuseminale ina ya kumtunda akuphunzira za unsembe. Chaka chachisanu anabwera kutchuthi kuno ku Malambo mwezi uli mbee, anamva atsikana akuwomba m'manja pa chitelele, anati akangoonerera pang'ono, ndipo Mpingo unataya wansembe usiku womwewo. Kuseminaleko anabwerako ndi zinthu ziwiri, bokosi lachitsulo ndi Chilatini. Bokosilo nkhuku zinaikiramo mazira mpaka linabooka ndi dzimbiri. Chilatini ndiye chakana kuwola, ngakhale dziko lonse limati chinafa kalekale.

Madzulo, kutentha kwa chigwa kukayamba kuleza, ankakhala pakhonde n'kumaloweza mokweza ngati munthu wowerenga ng'ombe zimene alibe: amo, amas, amat, amamus, amatis, amant. Ndiko kuti ndikonda, ukonda, akonda, tikonda, mukonda, iwo akonda. Agogo, amayi awo, Mchewa wa ku Katete amene anatsikira kuchigwa kuno pa chitengwa ndipo sanapondepo m'kalasi, anamvetsera masiku atatu akuswa mtedza. Tsiku lachinayi anaika lichero pansi.

"Chinenero chakochi ndachimva tsopano. Chikunena amuna a m'mudzi muno."

"Chikunena bwanji amuna, amayi?"

"Si ukuti amamwa, amatisautsa, amantha?"

Amalume anafotokoza modekha kuti mawu onsewo ndi a chikondi. Agogo anavomera ndi mutu. "Eya, n'zomwe ndikunenazo. Chikondi chake chimathera pomwepo."

Pofuna kubweza chipongwe, amalume anawauza kuti mawu akuti sukulu, amene ife tinawatola kwa Angerezi, kwawo kwenikweni ndi ku Greece, ndipo kumeneko schole inali nthawi yopuma, nthawi imene munthu alibe ntchito. Ankayembekezera kuti agogo agwira pakamwa. Agogo anangopitiriza kuswa mtedza. "Nanga ine ndimati chiyani? Nthawi yopalira ikakwana, ana onse a m'nyumba muno amaikonda sukulu."

*

Mu Novembala 1981 wailesi ya ku Malawi inalengeza kuti Kamuzu Banda watsegula sukulu yake ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, kumene mwana aliyense aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki, afune asafune. Amalume anaimirira njo pakhonde ngati kukuimbidwa nyimbo ya fuko. "Mwamva? Kutsidya kuli munthu!" Anatikumbutsa kuti sikoyamba kuti zabwino zichokere kumeneko, poti ngakhale mishoni ya Angilikani ya kwa Msoro anaiyambitsa ndi wansembe wa ku Nkhotakota, Leonard Kamungu, cha m'ma 1910, ndipo anamwalirira komweko mu 1913. Anayamba kufunafuna envulopu yoti alembere kalata yofunsira ntchito. Atamva kuti aphunzitsi a ku Mtunthamako ndi azungu okhaokha, envulopuyo anasungiramo mbewu za tomato.

Koma sanagonje. Anati Kamuzu yemweyo anayambira a-e-i-o-u pansi pa mtengo wa kachere, ndipo Plato, amene sukulu yake ndiyo inabala mawu akuti academy, ankaphunzitsira pakati pa mitengo ya azitona kunja kwa mzinda wa Athens zaka zoposa 380 Yesu asanabadwe. Ngati nkhani ndi mtengo, ku Malambo mitengo sitigula. Loweruka lotsatira anatsegula academy yawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe. Ophunzira tinalipo asanu: ine, alongo anga awiri, msuweni wanga amene ndi mwana wawo wachisamba, ndi mbuzi imene inkamangidwa pamtengo womwewo ndipo ndiyo yokha sinajombepo.

Phunziro limodzi ndi limene ndinatolapo. Anati dzina la mvuu la m'mabuku, hippopotamus, ndi Chigiriki: hippos ndi kavalo, potamos ndi mtsinje. Kavalo wa mumtsinje. Vuto linali lakuti m'chigwa muno kashembe salola kavalo kuti akalambe, ndiye panalibe mmodzi mwa ife amene anamuonapo. Mvuu ndizo tinkazidziwa, poti mu Luangwa chilimwe chikafika zimachita kusanjikizana. Mlongo wanga anakweza dzanja.

"Amalume, kavalo n'chiyani?"

Amalume anakanda m'mutu, anayang'ana m'masamba a mango, kenako anati: "Kavalo ndi mvuu ya kumtunda. Yowonda."

Patapita zaka zambiri mlongo wangayo anaona apolisi atakwera akavalo ku Lusaka, ndipo anabwera kudzatiuza kuti Agiriki aja anali ndi vuto la maso.

Academy inatha pa sabata lachitatu. Mango atapsa, njovu zinabwera usiku, zinadya zipatso, zinathyola nthambi yaikulu imene inali denga lathu, ina n'kuponda kabolodi kamene amalume anakapaka ndi makala. M'mawa anaima pamabwinjapo manja ali kumbuyo, osadabwa n'komwe. Anati njovu zinadana ndi Chilatini kuyambira kale, kuchokera pamene Hannibal anadutsa nazo mapiri a Alps kukamenya Aroma m'chaka cha 218 Yesu asanabadwe. "Izi ndi zidzukulu zake. Zangobwera kudzamaliza ntchito."

*

Za kusinthasintha kwa maphunziro, umboni wonse uli m'banja mwathu, poti aliyense anaphunzira sukulu yakeyake pansi pa denga limodzi. Amalume anayamba Sub A ndi Sub B, anakwera masitandade mpaka 6, n'kulowa Fomu 1. Ine ndinapeza Sitandade itachotsedwa kuli magiredi, Chingerezi chikuyambira Giredi 1 potsatira lamulo la 1966, moti mwana wa zaka 7 amene mzungu ankangomuonera m'galimoto ya alendo ankauzidwa kuima, kukhala, kuimanso m'chinenero cha Mfumukazi. Pofika kusekondale ndinapeza Fomu nayo itathamangitsidwa, Fomu 1 ikutchedwa Giredi 8. Mu 1977 kunatuluka chikalata chachikulu chokonzanso maphunziro, mu 1996 kunatuluka chinanso. Mapulayimale anasanduka ma basic, masekondale anasanduka ma high school, ndipo boma litasintha mu 2011 onsewo anabwerera ku mayina awo a ubatizo. Ndiye chaka cha 2025 chitangoyamba, mzime wanga anafika kunyumba n'kunena kuti iye sali Giredi 8 ayi, ali Fomu 1, ndipo makwerero ake akukathera pa Fomu 6.

Amalume, amene masiku ano amayenda ndi ndodo, anaigwetsa ndodoyo.

"Fomu yabwerera? Mphwanga, ukandifunire choko. Fomu ikafika, Chilatini chili m'mbuyo mwake. Changotsalira pa Chipata kudikira basi."

Komabe munthu amene amakonda kusintha kwa maphunziro kuposa nduna ina iliyonse ndi mkulu wina wolemba zikwangwani kwathu kuno. Chisankho chikayandikira amagula penti pangongole, mtima uli m'malo. Pasukulu ina mvula inasukuluza khoma la kumsewu mpaka mayina onse anatulukira pamodzi, Primary pansi, Basic pamwamba pake, Primary wina pamwamba pa Basic. Ahedi anafuna kupakanso. Mphunzitsi wa mbiri yakale anawagwira mwendo, anati khomalo ndilo buku lokhalo la phunziro lake limene limakwanira ana onse.

Kusintha kwa 2014 ine ndinakuwombera m'manja, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru: kuyambira Giredi 1 mpaka 4 mwana aphunzire m'chinenero chimene akuchidziwa kale. Kungoti m'chigawo chino cha kum'mawa chinenerocho chinakhala Chinyanja, pamene ana ambiri a kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Jumbe, kwa Malama ndi kwa Msoro amayamwa Chikunda. Kamnyamata kena ka Giredi 1 kanafika kunyumba n'kuuza amake kuti aphunzitsi ati tsopano tikuphunzira m'chinenero cha kwathu. Kanadya nsima mwakachetechete, kenako kanafunsa:

"Amayi, kodi kwathu n'kuti?"

*

Agiriki akale anali ndi kapolo wotchedwa paidagogos, ntchito yake kuperekeza mwana kusukulu ndi kukamutenga. Sanali mphunzitsi, ngakhale mawu otupa onena za luso lophunzitsa amene anatiloweza kukoleji anachokera kwa iyeyo. Amalume amati ku Athens kapoloyo ankangodya nsima yaulere. Kumene ankafunika ndi kuno, kumene mwana amatuluka m'nyumba m'mamawa n'kupeza njovu itaima panjira ya kusukulu ikusinkhasinkha za moyo wake.

Chifukwa chochedwera chimenechi n'choona, n'chifukwa chake chimabedwa. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo njovu zinkatsekereza ana pafupipafupi, makamaka Lolemba, makamakanso phunziro loyamba likakhala masamu. Zinkatsekereza ngakhale mwana wa alonda, amene nyumba yawo inali kuseri kwa ofesi. Ahedi anakhazikitsa lamulo lakuti wonena za njovu azibwera ndi umboni. M'mawa mwake ana 12 anafika atanyamula ndowe m'mapepala apulasitiki. Ahedi, amene anakulira m'chigwa momwemuno, sanakalipe. Anandanda mitoloyo pakhonde n'kumaika chikhatho pa uliwonse ngati namwino woyeza malungo. Iwiri inali yofunda, eni ake analowa m'kalasi. Isanu inali yadzulo. Inayi inali youma gwa, ya chaka chatha, ina itamera kale kamtengo. Wotsiriza anauyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, njovu yako ili ndi nyanga zopindika? Izi ndi za njati."

"Ahedi, kunali mdima. Sindinaifunse dzina."

Patatha sabata ahedi omwewo anafika 10 koloko, malaya atang'ambika ndi minga, nsapato imodzi kulibe, njinga itatsala kuthengo. Sukulu yonse inali pamzere, zii. Kenako kumbuyo kwenikweni kunamveka kamawu kakang'ono: "Umboni, ahedi."

Njovu zomwezo, zipatso za mtondo zikapsa cha mu Novembala, zimadutsa pakati pa chipinda cholandirira alendo cha Mfuwe Lodge kupita kumtengo wawo, osagogoda, osasaina m'buku, osauzidwa kuti abwana ali pa msonkhano. Mphunzitsi aliyense amene anathapo tsiku pabenchi ya ofesi ina akudikira fayilo yake amaziona n'kumeza malovu.

Pa mayeso a Giredi 7 chaka china, kunja kukutentha moti ngakhale abuluzi anali pamthunzi, gulu la njuchi linalowa m'chipinda kudzera pawindo losweka. Woyang'anira mayeso, amene anali atangolengeza kuti palibe wotuluka belu lisanalire, ndiye anayamba kutulukira pawindo lina. Nditawauza amalume, anawala nkhope. Anati m'Chilatini examen ndi kalilime ka sikelo koyezera kulemera, komanso mawu omwewo ndi gulu la njuchi. "Ana amenewo ndi okhawo m'Zambia muno amene analemba mayeso athunthu."

*

Mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka Giredi 12, ndipo ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi pa mvula yoyamba. Chimenecho sindichiseka, poti ndinaona ana amene tinawaiwala akubwerera ndi makope m'manja. Ndimaseka ife amene tinaima kutsogolo. Kuitana mayina kunkatha belu la buleki litalira. Desiki ya awiri inkanyamula anayi, wachisanu akulembera pamsana pa mnzake. Kalasi ina inatulutsidwa kukakhala pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo amalume podutsa anavula chipewa n'kupereka moni kwa Plato.

Kamnyamata kena kanakhala kumbuyo kwa kalasi langa temu yonse, kofatsa, kaulemu, kosajomba ngakhale tsiku limodzi. Nditakaimiritsa kuti anzake atengere chitsanzo, kalasi yonse inafa nacho chiseko. Sikanali ka sukulu. Kankabwera kudzagulitsa zitumbuwa pa buleki, m'kalasimo kankangothawiramo dzuwa. Ndinakalembetsa tsiku lomwelo. Temu yotsatira kanakhala nambala 7, ndipo mpaka pano ndili nako ngongole ya zitumbuwa zinayi.

Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi. Mwana wa mlongo wanga anali mmodzi mwa iwo, atatha zaka zisanu ndi chimodzi akugulitsa tomato, dipuloma ili m'sutikesi. Amalume anali atamutonthozapo kale kuti diploma m'Chigiriki ndi pepala lopinda pawiri basi, ndiye asadandaule, pepala lake likugwira ntchito imene linapangidwira. Mtsikanayo sanawapatse moni mwezi wathunthu.

*

Moyo wa kukoleji ndinaulawa pa koleji ina ya aphunzitsi kumtunda, kumene nyemba zake zinkabwera ndi ndiwo yake m'kati. M'kalata yanga yoyamba ndinalemba monyada kuti tsopano ndikukhala pa campus. Amalume powawerengera agogo anamasulira mokhulupirika kuti campus m'Chilatini ndi munda, malo a see opanda nyumba. Agogo anadzuka pamphasa. "Tagulitsa thonje lonse lija kuti akakhale kumunda? Minda yatha kuno?"

Anzanga a ku Lusaka ndi ku Copperbelt atamva kuti kwathu ndi ku Malambo ankandiyang'ana ngati ndatuluka m'kanema. "Ati kwanu mikango imafika pakhomo?" Poyamba ndinkakana. Kenako ndinazindikira kuti nyama iliyonse ili ndi mtengo wake. Mkango wa pakhomo unkagula banzi ndi tiyi. Ng'ona ya pachitsime inkagula soseji. Nyalugwe amene ndinalimbana naye ndili Giredi 6 anandidyetsa chaka chonse, ndipo ankanenepa temu ndi temu. Malonda anasokonekera chaka chachiwiri, pamene kunabwera mnyamata wina wa kwa Msoro. Anamvetsera nkhani yonse mpaka pamene ndinamugwira mchira nyalugweyo, anawomba nawo m'manja, kenako anandikokera kuseri kwa hositelo.

"Akulu, nyalugweyu tigawane. Apo ayi ndiulula."

Tinagawana. Iye anatenga Lachiwiri ndi Lachinayi.

Mng'ono wanga ndiye anafika ku yunivesite ya Zambia ku Lusaka, ija inatsegulidwa mu 1966, kumene wophunzira wamwamuna wopanda chibwenzi amatchedwa monk, wamkazi moma. Atabwera kutchuthi n'kunena monyadira kuti iye ndi monk, amalume analengeza misozi. Anati monachos m'Chigiriki ndi munthu wokhala yekha chifukwa cha Mulungu, ndipo tsopano banja lathu labweza ngongole imene iwo anasiya ku Mpingo. Mng'ono wanga anafotokoza kuti umonke wa kumeneko suchokera kwa Mulungu koma m'thumba, ndipo umatha Lachisanu lomwelo ndalama ya chakudya ikatuluka, imene ophunzira amaitcha BC.

"BC?" anafunsa amalume. "Ndalama ya Yesu asanabadwe ikugulabe nsima ku Lusaka?"

Ndalama imeneyo inachotsedwa mu 2019 n'kubwezedwa mu 2023, ndipo anthu oipa pakamwa amati m'zaka za pakatipo amonke anachuluka ku Lusaka kuposa ku Roma.

Chithunzi cha tsiku lolandira digiri chitafika kumudzi, agogo anachiyandikitsa kumaso: mkanjo wakuda wofika kumapazi, chipewa chafulati ngati chivundikiro cha ndowa. Amalume anafotokoza kuti mikanjo imeneyi inachokera ku zovala za anthu a Mpingo m'mayunivesite akale a ku Ulaya, monga Bologna ndi Paris, kumene maphunziro onse ankayenda m'Chilatini. Agogo sizinawakhudze. "Nsalu yonseyi munthu mmodzi? Abwere nayo, titulutsamo mayunifomu atatu." Atamva kuti mkanjowo unali wobwereka ndipo unabwezedwa madzulo omwewo, anakhala chete kanthawi.

"Nanga nzeruzo anamusiyira, kapena anabwezera kumodzi?"

*

Msuweni wanga uja ndiye anali mdani wamkulu wa Chilatini pa academy ya pansi pa mango. Atate ake akati amo, iye ankayankha kuti amwa. Giredi 9 inamukana kawiri. Anakalowa ntchito pa kampu ina ya alendo, poyamba kutsuka magalimoto, kenako kunyamula tiyi kumbuyo kwa mzere wa alendo oyenda pansi m'nkhalango, maulendo amene Norman Carr anawatchukitsa m'chigwa chino. Amalume anati nazonso n'zakale, Aristotle ankaphunzitsa akuyenda, kungoti iye analibe sikauti wa mfuti patsogolo.

Tsiku lina msuweniyo anafika kunyumba ndi mabuku okhuthala, nkhope ili khuma. Kuti munthu aloledwe kuperekeza alendo mu South Luangwa ayenera kukhoza mayeso, ena a woyendetsa alendo pagalimoto, ena ovuta kwambiri a woyenda nawo pansi. Ndipo m'mabukumo mtengo, mbalame ndi nyama iliyonse ili ndi mayina awiri a Chilatini, dzina ndi chiwongo, mwambo umene anaukhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1750, munthu amene sanapondepo mu Africa. Mlambe ndi Adansonia digitata. Mvunguti ndi Kigelia africana. Tsanya, mtengo umene anakula akutola nkhuni zake, ndi Colophospermum mopane. Anagwada pakhonde.

"Atate, ndithandizeni."

Amalume sanayankhe msanga. Anatuma mwana kukatenga mpando wawo wa alendo. Analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete, mu Okutobala, mwezi umene ngakhale mbuzi imafuna kuvula. Anakhala pansi, anapinda miyendo.

"Bwereza, mwana wanga. Khutu ili silimva bwino."

Anamubwerezetsa katatu. Pasanathe mwezi pakhonde panali anyamata asanu okonzekera mayeso omwewo, fizi yake nkhuku. Amalume ankawamasulira mawu amodziamodzi ngati akusenda chinangwa: digitata ndi zala, tayang'anani tsamba la mlambe, amphibius, chiwongo cha mvuu, ndi wa miyoyo iwiri, wa m'madzi ndi kumtunda, ngati mphunzitsi wa boma amene alinso ndi kagolosale. Agogo ankamvetsera ali pamphasa, akuponyamo mawu. Atamva kuti fisi ndi Crocuta crocuta anati n'zomveka, fisi amafunika kumuitana kawiri, koyamba sayankha poti amakhala ali ndi mlandu.

Phokoso linabuka pa nyamalikiti. Ya m'chigwa chino, imene sipezeka kwina kulikonse, dzina lake limathera ndi thornicrofti, ndipo amalume anafotokoza kuti ka i kakumapetoko kamasonyeza mwini: nyamalikiti ya Thornicroft, bwana wina wa boma la atsamunda. Nyumbu yathu ndi cooksoni, ya Cookson. Mbidzi ndi crawshayi, ya Crawshay.

"Anazigula kwa mfumu iti?" anafunsa agogo. Panalibe woyankha. "Nanga ife anatisiyira chiyani?"

Msuweni anatsegula masamba mpaka anapeza kashembe, Glossina morsitans.

"Morsitans ndi mzungu wa kuti?"

"Si munthu, amayi," anatero amalume. "Ndiye kuti woluma."

"Ndinadziwa. Choluma chilibe mwini."

Anyamata atatu mwa asanuwo anakhoza. Ine amene ndinakhoza Giredi 9 kamodzi n'kamodzi, ndikafika pakati pa mwezi ndimakabwereka kwa msuweni amene inamukana kawiri. Chilatini chinazimiririka m'masukulu athu popanda woimba nyimbo ya maliro, palibe chikalata cha 1977, cha 1996 kapena chatsopano chobweza Fomu chimene chinachiitana kuti chibwerere, koma m'boma lathu lino la Mambwe chimalankhulidwa m'mawa uliwonse pamwamba pa galimoto zopanda denga, ndipo ndicho chafolera malata nyumba zingapo za m'mudzi mwathu. Sindinayambe ndawauza amalume kuti anapambana. Angavalenso jekete.

*

Msuweni atakhoza, agogo akadali moyo, anapempha abwana ake kuti atate ake akwere nawo galimoto ya alendo tsiku limodzi. Amalume anabadwira pamtunda woyenda ndi njinga kuchokera pa mlatho wa Luangwa, koma m'paki ya South Luangwa, chiikhazikitsire mu 1972, anali asanalowemo. M'galimotomo munali mzungu wina wokalamba wa ku England, mphunzitsi wa Chilatini wopuma pa ntchito. Awiriwo atazindikirana anagwirana chanza mpaka galimoto inadutsa pageti. Njira yonse ankapikisana. Mzungu akaloza mkango, amalume Panthera leo. Amalume akaloza njati, mzungu Syncerus caffer. Alendo enawo anasiya kujambula nyama n'kumajambula amalume, iwo akukonza kolala ya jekete.

Pokhota pena m'nkhalango ya tsanya panatulukira njovu yaikazi ndi kamwana kake. Inatambasula makutu, inapukusa mutu, inalira lipenga limene linagwedeza nthiti, n'kuyamba kubwera fumbi lili koboo. Mzungu uja ananong'ona mwaulemu kuti Loxodonta africana, n'kutembenuka kuti mnzake avomereze. Pampando panalibe munthu. Mawu ankachokera pansi, pakati pa bokosi la zakumwa ndi miyendo ya alendo, ndipo munalibe Chilatini ngakhale chilembo chimodzi.

"Mayo ine! Amayi! Bweza galimoto, mwana iwe! Ndafa ine, ana anga!"

Msuweni sanabweze. Anakhala phee, akuilankhula njovuyo motsitsa mawu, mpaka inaima, inafwenthera, n'kubwerera kwa mwana wake.

Madzulo nkhani yonse inafotokozedwa pakhonde. Amalume anati bodza, iwo ankangofunafuna chipewa chimene chinagwera pansi pa mpando. Agogo panthawiyo maso anali atachita khungu, mano atatha. Anamvetsera mbali zonse ziwiri, anatafuna nkhama kanthawi, kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu a mwana wawo.

"Amant," anatero.